Nkhata ya Mzati Wachitsulo

Munthu akaima pansi pa denga la malo omwetsera mafuta galimoto, kapena m'shedi yaikulu yosungiramo katundu, kapenanso m'tchalitchi chatsopano chimene denga lake lakhala pa mizati yachitsulo m'malo mwa zipilala za njerwa, maso ake amathamangira kumwamba, kumene kuli malata, nyali ndi mitanda yopingasana. Ndipo si kawirikawiri kuti aweramitse nkhope ndi kuyang'ana pamene mzatiwo waponda, ngakhale kuti pomwepo, m'fumbi ndi m'matope, ndi pamene pagona mlandu wonse wa nyumbayo. Pansi pa mzati uliwonse wotere pamakhala chitsulo chaphanthi cha ngodya zinayi, chimene amisiri amachitcha puleti, chowotchereredwa kutsinde kwa mzati ndi kumangidwa ku konkire ndi mabawuti. Ndipo chitsulo chimenechi, chimene ambiri amachiyesa chidutswa chongotola pa mulu wa zotsala, chili ndi masamu ake ndi malamulo ake, kotero kuti wochipeputsa wapeputsa nyumba yonse.

Nzeru yoika tsinde pansi pa mzati si ya dzulo kapena dzana. Owerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti m'buku la Eksodo matabwa a chihema chopatulika cha m'chipululu sanazikidwe mumchenga, koma thabwa lililonse linaimikidwa pa matsinde awiri a siliva; kuti matsinde onse a siliva analipo 100, lililonse lolemera talente imodzi; ndi kuti mizati ya bwalo lozinga chihemacho inaima pa matsinde amkuwa. Amisiri akalewo anadziwa kuti choimirira chisowa pokhazikika. Chimene a masiku ano awonjezapo ndicho kuwerengera, kufikira pa milimita, kukula ndi kukhuthala kwa pokhazikikapo.

Tiyambe tamvetsa chifukwa chake omanga akonda mizati yamphako, ndiyo mapaipi ozungulira ndi machubu a ngodya zinayi amene tiwaona kwa ogulitsa zitsulo. Mzati wautali ukasenza katundu woposa mphamvu yake suyamba ndi kuphwanyika ayi, koma umakhota pakati ndi kugonjera mbali imodzi. Ndipo katswiri wa masamu wa ku Switzerland, Leonhard Euler, ndiye analemba m'chaka cha 1744 masamu osonyeza katundu amene mzati ungasenze usanakhote. Masamuwo aphunzitsa kuti chitsulo chounjikana pakati penipeni pa mzati chithandiza pang'ono poletsa kukhota, pamene chitsulo chomwecho, chikafutukulidwa ndi kuikidwa m'mphepete mozungulira, n'kusiya mphako pakati, chilimbitsa mzati kwambiri popanda kuwonjeza kulemera kwake. Mlatho wa sitima za pamtunda wa pa matsiriro a mtsinje wa Forth ku Scotland, umene anaukonza John Fowler ndi Benjamin Baker, nutsegulidwa mu 1890, unaima pa mapaipi otambalala mamita 3.7, ndipo sitima zikudutsapobe kufikira lero. Machubu a ngodya zinayi anadza mochedwerapo, pamene kampani ya Stewarts & Lloyds ya ku Britain inayamba kuwapanga mu 1952; ndipo mu 1962 opanga mapaipi a maiko osiyanasiyana anakhazikitsa bungwe la CIDECT kuti lifufuze za kamangidwe ka nyumba ndi zitsulo zamphakozi.

Komatu walira mvula walira matope. Mphako imene ipatsa mzati mphamvu kumtunda ndiyo ibala vuto kutsinde, pakuti katundu yense wa denga, makoma ndi anthu atsikira m'khoma lopyapyala la chitsulo, nafika pansi atawunjikana pa kamzere kozungulira kosaposa kukhuthala kwa chala. Titenge chitsanzo cha mzati wa ngodya zinayi wa mamilimita 200 mbali iliyonse, umene khoma lake likhuthala mamilimita 8, ndipo tiusenzetse matani 100, powerengera ndi kowonjezera komwe kamene akatswiri amaikapo kaamba ka zadzidzidzi. Chitsulo chenicheni chimene chikhudza pansi ndi masikweya sentimita pafupifupi 60 okha. Chotero sikweya sentimita iliyonse isenza makilogalamu pafupifupi 1,700. Kwa chitsulo, umenewo si mtolo woopsa, popeza chitsulo chomangira nyumba cha mtundu wa S355 chiyamba kugonja katundu atafika makilogalamu pafupifupi 3,600 pa sikweya sentimita. Koma konkire wamba wa m'maziko, amene mainjiniya amamulemba ndi nambala 25, aphwanyika pa makilogalamu 250 okha. Mzati wotere, utaimikidwa pa konkire wopanda kanthu pakati, ukanamdya ndi kulowa pansi, konkireyo nanyenyeka mozungulira.

Mayi wochokera kuchitsime sasenza mtsuko pa liwombo lamaliseche. Ayamba wapota nkhata, kuti kulemera kwa madzi, m'malo mopsinja pamodzi, kumwazikire pa mutu ponse. Puleti ndiyo nkhata ya mzati: ilandira katundu wothinana kuchokera ku chitsulo, niupereka womwazika kwa konkire, amene naye aupereka ku nthaka pa malo otambalala koposa. Ndipo mafunso amene injiniya ayenera kuyankha ndi awiri, puleti ikhale yotambalala bwanji ndi yokhuthala bwanji. Loyambalo ndi lapafupi, koma lachiwirilo ndi limene lagawanitsa akatswiri a ku America ndi a ku Ulaya.

Kutambalala kwa puleti kuyesedwa ndi mphamvu ya konkire. Malamulo a ku America salola injiniya kudalira makilogalamu 250 onse aja, pakuti konkire wa pa ntchito sangafanane ndi wa m'nyumba yoyesera. Atachotsera zochotsera, patsala makilogalamu pafupifupi 140 pa sikweya sentimita, ndipo matani 100 athu aja afuna puleti ya mamilimita 270 mbali iliyonse. Maziko akakhala otambalala kwambiri kuposa puleti, malamulo omwewo alola kuwonjeza mphamvu yodaliridwayo kufikira kuwirikiza kawiri, osapitirira apo, chifukwa konkire wozungulira agwiriziza wa pansi pa puletiyo kuti asaphulikire m'mbali. Ndipo n'chifukwa chake kuimika mzati m'mphepete mwenimweni mwa maziko, monga achitira ena pofuna kupulumutsa thumba limodzi la simenti, ndi kuputa tsoka. Koma mzati wamphako uli ndi khalidwe lina limene likulitsa puleti koposa momwe konkire afunira. Pa mzati wooneka ngati chilembo cha H, mabawuti angabisale pakati pa mapiko ake. Koma m'mphako yotsekeka simulowa dzanja kapena sipanala, chotero mabawuti onse ayenera kukhala kunja, ndi malo okwanira nati ndi washa. Motero puleti yathu ikula kufika mamilimita 350.

Pa za kukhuthala, a ku America atsata buku la bungwe lawo la AISC lotchedwa Design Guide 1, limene analilemba koyamba John DeWolf ndi David Ricker mu 1990, nalilembanso James Fisher ndi Lawrence Kloiber mu 2006. Iwo ayesa kuti konkire akankha puleti kuchokera pansi mofanana paliponse, ndi kuti mlomo wa puleti umene watulukira kunja kwa mzati ufuna kupindikira m'mwamba, popeza kumtunda kwake kulibe choutsendereza. Ndipo mzere wopindikirawo sauika pa khoma penipeni, koma m'katiko pang'ono, powerengera mzati wa ngodya zinayi ngati magawo 95 pa 100 a kukula kwake, ndi paipi yozungulira ngati magawo 80 pa 100. Pa chitsanzo chathu, mlomo umene diso liuona ndi wa mamilimita 75, koma wowerengeredwa ndi wa 80; ndipo masamu akatha, ndi chitsulo cha mtundu wa S275, puleti ifunika kukhuthala mamilimita pafupifupi 21, injiniya nalemba 25, popeza ndiyo ipezeka pa malonda. Kulemera kwake ndi makilogalamu 24, ndipo mwamuna mmodzi angainyamule.

Taonani tsono chinthu chimene chidabwitsa ambiri. Mwini nyumba wamantha, poganiza kuti chachikulu ndicho cholimba, angauze mmisiri kuti adule puleti ya mamilimita 450; koma potero watalikitsa mlomo kufika mamilimita 130, ndipo mlomo wautali upindika msanga, kotero kuti mwa masamu omwewo puleti iyenera tsopano kukhuthala mamilimita 26, ndiye kuti agule ya 30, yolemera makilogalamu 48. Walipira kawiri osapindula kanthu. Ndipo akatambalitsa puleti koma osaikhuthalitsa, m'mphepete mwakemo mungokhala chokongoletsa. Choyenera kuchisunga mumtima n'chakuti mphamvu ya puleti pokana kupindika siyenda ndi kukhuthala mwa muyeso umodzi: puleti ya mamilimita 10 silingana ndi theka la ya mamilimita 20, koma ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Wowotcherera amene anena kuti, "Bwana, ya 20 yasowa, koma ndapeza ya 16, sizisiyana kwenikweni," mwina sadziwa kuti wachotsa mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu.

A ku Ulaya, m'malamulo awo a Eurocode 3, amene gawo lake la zolumikizira zitsulo linatuluka mu 2005, afika pa nkhaniyi podzera khomo lina. Ndipo ine ndiona kuti njira yawo, ngakhale siposa inzake pa chitetezo, ilongosola bwino chimene chichitika pansi pa mzati wamphako. Iwo savomera kuti konkire akankha puleti yonse mofanana. Ati katundu, potsika m'khoma la mzati, amwazikira kunja ndi m'kati mtunda wochepa wolingana ndi kukhuthala kwa puleti, ndipo chitsulo chonse cha kupitirira mtundawo sichisenza kanthu, ngakhale chilipo. Puleti ya mamilimita 20 yokhala pa konkire wathu uja imwaza katundu mamilimita pafupifupi 50 mbali iyi ndi 50 mbali inayo ya khoma. Chotero malo osenza katundu akhala lamba wozungulira, ndipo pakati penipeni, pansi pa mphako, patsala kabwalo ka mamilimita pafupifupi 80 kongokhala. Nkhata nayo, tikumbukire, ndi yobowoka pakati. Lambayo akawerengedwa, apezeka wokwanira kusenza matani 100 ndi kutsalako pang'ono, ndipo njira ziwirizi, zoyamba kutali ndi kutali, zikomana pa yankho losasiyana kwenikweni. Pamene zisiyana ndi pa mizati ikuluikulu, ya mphako yotambalala theka la mita kapena kuposa, imene mlomo wake wakunja ndi waufupi. Pamenepo woyang'ana kunja kokha angapeze puleti yopyapyala, naiwala kuti chitsulo cha m'kati mwa mphako, chimene diso silichiona, nachonso chingatukumukire m'mwamba.

Masamu onsewa ayembekeza kuti mzati wakhala bwino pa puleti. Tsinde lake liyenera kudulidwa mowongoka ndi makina, kuti khoma lonse likhudze puleti, katundu nadutsa chitsulo ndi chitsulo, chowotcherera chikhale chongogwiriziza. Koma likadulidwa mokhota ndi lawi la gasi, mzati uponda ndi ngodya imodzi, ndipo mtolo wonse ugwera pa chowotchereracho, chimene pa mzati wamphako chili kunja kokha, popeza m'kati safikamo. Chiyenera kuzungulira tsinde lonse kosadukiza, ndipo m'ngodya, mmene dzanja la mmisiri litembenuka, ndimo mubisala zilema zambiri.

Nanga mabawuti? Mzati wongopsinjidwa kuchokera kumwamba, nyumba ikatha, suwafuna kwenikweni, pakuti kulemera komwe kuukhazika; ntchito yawo yaikulu ili pa masiku omanga, pamene mzati uima wokha, wopanda mitanda youmangiriza kwa anzake, mphepo ikuwomba, munthu atakwera pamwamba pake. Kale ambiri ankaika mabawuti awiri okha, ndipo mizati inkagwa pamodzi ndi antchito. Chifukwa cha ichi bungwe la boma la America loona za chitetezo pa ntchito, la OSHA, linalamula mu 2001 kuti mzati uliwonse, kupatula tizipilala topepuka, ukhale ndi mabawuti osachepera anayi. Linalamulanso kuti tsinde lake lipirire kulemera kwa makilogalamu 136, ndiko kuti munthu ndi zida zake, atalendewera pamwamba masentimita 46 kuchokera pa khoma la mzati. Ndipo linati zitsulo zisaimikidwe konkire wa maziko asanafike magawo 75 pa 100 a mphamvu yake. Mutu umodzi susenza denga, anatero akuluakulu, ndipo bawuti lachitatu ndi lachinayi zinagulidwa ndi miyoyo ya anthu. Ku America mabawutiwa amapakidwa utoto kunsonga monga mwa mphamvu yake, wobiriwira ngati thambo pa wamba, wachikasu pa apakati, wofiira pa olimba koposa, kuti woyang'anira ntchito awazindikire ngakhale atakwiririka kale. Akatswiri akondanso bawuti lokhala ndi nati kunsi kwake kuposa longopindidwa ngati mbedza, popeza mbedza, ikakokedwa kwambiri, iwongoka ndi kusololoka.

Mabawuti aikidwa konkire ali wamadzi, anthu akupondaponda ndi mawilibala, ndipo n'chapatali kuti akhale ndendende pamene pepala linanena. N'chifukwa chake mabowo a puleti amabooledwa aakulu koposa bawuti, naphimbidwa ndi mawasha okhuthala odulidwa ku puleti, osati timawasha topyapyala ta m'sitolo timene tingamire m'bowo. Mmisiri wanzeru amayamba wabowola thabwa molingana ndi puleti, namangirirapo mabawuti onse anayi asanathire konkire. Wopanda nzeru, akapeza kuti bawuti laphonya bowo, amalipinda ndi hamala kapena kung'amba bowo ndi moto kufikira m'mphepete. Ntchito yotere ndiyesa kuti iyenera kukanidwa pomwepo, ngakhale mmisiriyo akhale mlamu wanu.

Pamwamba pa konkire sipakhala posalala kapena polingana, chotero puleti siikidwa pa iye mwachindunji. Mzati uyamba wakhazikidwa pa tizitsulo topyapyala kapena pa manati a kunsi kwa puleti, nuwongoledwa ndi levulo kufikira utaima chilili. Pamenepo mpata wotsala, wa mamilimita 25 mpaka 50, udzazidwa ndi simenti yapadera yamadzimadzi yotchedwa grout, imene siphwa pouma. Ithiridwa kuchokera mbali imodzi kufikira itatulukira mbali inayo, kuti mpweya usatsekeredwe pansi, ndipo mapuleti aakulu amabooledwa pakati kaamba ka ntchito yomweyi. Malamulo a ku Ulaya anena kuti ikakhuthala koposa mamilimita 50, mphamvu yake isachepere ya konkire wa maziko. Ntchito imeneyi ndiyo iiwalika kawirikawiri, popeza ichitika anthu a zitsulo atapita ndipo omanga njerwa ayesa kuti si yawo. Ena amangomata matope a simenti m'mphepete kuti paoneke bwino, pansi pali phanga. Pamenepo matani 100 aja, amene injiniya anawagawa mosamala pa masikweya sentimita oposa 1,000, akhala pa manati anayi.

Patsala mdani mmodzi, amene ndi wa mzati wamphako yekha, ndiye madzi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere: mzati ungawale ndi penti kunja pamene m'kati mwadzaza madzi a mvula, olowera pamwamba posatseka kapena pa bowo la bawuti, ndipo popeza puleti yatseka kunsi, madziwo akhala pomwepo chaka ndi chaka, dzimbiri likudya khoma pa malo amene lisenza katundu wochuluka. Ku maiko ozizira madziwo amaundana, natupa, nang'amba mzati m'ngodya. Mankhwala ake ndi awiri, kutseka mzati kotheratu kumwamba ndi kunsi kuti ngakhale mpweya usalowe, kapena kuboola kabowo kutsinde, pamwamba penipeni pa puleti, kuti cholowa chituluke. Choipa ndicho kuchita theka, kumwamba kotsegula, kunsi kotseka. Mzati woti, poutchinjiriza ku dzimbiri, ukamizidwe mu zinki wosungunuka, amene atentha madigiri pafupifupi 450, uyenera ndithu kubooledwa kumwamba ndi kunsi, pakuti mpweya ndi chinyontho zotsekeredwa m'mphako zingauphulitse ndi kuvulaza antchito.

Wina angati izi ndi za nyumba zosanjikizana za ku Chicago ndi ku London, ndipo sizikhudza ife amene tiimika machubu a pakhonde ndi miyendo ya thanki ya madzi. Koma lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi kulikonse, ndipo thanki ya malita 5,000, ikadzaza, ndi matani asanu olenjekeka pamwamba pa bwalo limene ana aseweramo. Mwendo uliwonse mwa inayi usenza tani imodzi ndi kota kukakhala bata. Mphepo ikawomba, miyendo iwiri ilandira zambiri, ina iwiri nipepukidwa. Denga lopepuka la malata, lotseguka m'mbali, lichita zoposa apo, pakuti mkuntho wa mvula zoyamba ukalowa pansi pake, mizati imene inali kupsinjidwa iyamba kuzulidwa, ndipo pamenepo masamu onse amene tafotokoza atembenuka, mabawuti nakhala osenza mtolo, puleti nipindikira kwina. Mzati wotere ufuna kuwerengera kwakekwake, ndipo injiniya ayenera kuuzidwa poyera za malo amene nyumbayo idzaima.

Chotero inu amene mukumangitsa, kapena mwasankhidwa m'komiti ya zomanga ya mpingo kapena sukulu, pitani ku ntchitoyo tsiku loimika mizati, pansi pasanathiridwe simenti yokwirira matsinde, pakuti akakwiririka simudzawaonanso. Tengani tepi, muyese kukhuthala kwa puleti ndi kuyerekeza ndi nambala imene injiniya analemba pa pulani; werengani mabawuti, muone ngati nati iliyonse yagwira mokwanira pa washa wake; gwadani, musuzumire kunsi ngati mpata wadzazidwa; ndipo mufunse mmisiri kumene madzi olowa mu mzatiwo adzatulukira. Akakanika kukuyankhani, musamlipire gawo lotsala kufikira injiniya atabwera kudzaona yekha.